Asilikali a Agogo Sakuuma

Lolemba, 1 Julayi 2013
Ndachipeza! M'shopu ya kaunjika kuno ku Bolton, kuseri kwa mipando yothyoka: chithunzi chachikulu cha penti wamafuta, chakuda bii ndi utsi. Asilikali pamzere, fumbi, dziko louma gwa. Uku ndi kwathu ku Chikwawa, mwezi wa Okutobala. Awa ndi asilikali athu akale, gulu la agogo anga. Ndalengeza kale kwa Amalawi onse: Loweruka, pa chikondwerero cha ufulu ku Manchester, ndikachivundukula. A Chirwa, apampando athu, a madigiri awiri a ku Sheffield, akuti, "Mwafufuza bwino, achimwene?" Kufufuza chiyani? Maso ndili nawo.

Lachiwiri, 2 Julayi
Ntchito yotsuka. Zida:
sopo wa mbale
mandimu atatu
thaulo lakale
waya wokwechera mapoto
Mayi a Tadala akuti ndipite nacho kwa akatswiri. Ine mawaya a magetsi ndinaphunzira ndekha, kuyendetsa galimoto ndekha. Chithunzi chingandikanike? Litsiro likuchoka bwino. Asilikali awiri akumbuyo achoka nalo limodzi. Atsala khumi. Nkhondo ndi choncho.

Lachitatu, 3 Julayi
Vuto. Pamene payera patuluka zipewa zazikulu ngati malichero. Aliyense ndevu zapamlomo zopindika. Mitengo yaminga yopanda tsamba, yoima ngati munthu wokweza manja. Ndi mbendera: yobiriwira, yoyera, yofiira, pakati chiwombankhanga chikudya njoka. Mayi a Tadala atembenuza chithunzi, awerenga kapepala kakumbuyo. "Bambo a Tadala, agogo anu anamenya nkhondo ku Mexico?" Akuseka mpaka akhala pansi. Ndamenya chitseko. Sindibwerera m'mbuyo. A Chirwa asamve!

Lachinayi, 4 Julayi
Ndaweruka ku nyumba ya okalamba, molunjika kukagula penti ndi burashi. Zokonza:
zipewa, kuchepetsa
nkhope, kudetsa
ndevu, kumeta
mitengo yaminga, isanduke milambe
mbendera, yathu
Milambe yatuluka ngati mbatata zoimirira. Dzuwa la pa mbendera likuoneka ngati dzira lokazinga, koma ndi lathu. Pambali pa asilikali pali bulu; ameneyo ndamusiya, sanalakwe kanthu. Msilikali wakutsogolo ndamupatsa mphuno ya agogo. Wakumapeto ndamusiya, penti wathera panjira. Ayimire alendo.

Lachisanu, 5 Julayi
Sichikuuma! Ndakhudza ndi chala, msilikali mmodzi watsala pachala. Ndachiika padzuwa monga timachitira ndi ufa. Dzuwa la Bolton lawala mphindi zisanu, kenaka mvula. Ndayesa makina oumitsira tsitsi a mayi a Tadala: mlambe umodzi wayenderera mpaka pa bulu. Bambo wa m'shopu ya penti akuti wamafuta amauma pakatha masabata. Masabata! Bwanji osanena dzulo? Ndamuuza zoona zake zonse, anthu akumva. A Chirwa atumiza uthenga: andiika pa pulogalamu, pambuyo penipeni pa nyimbo ya fuko.

Loweruka, 6 Julayi
Chinthu chaulemu sichiyenda pamtunda. Ndachikulunga m'chitenje chatsopano cha mayi a Tadala, osawauza, ndamanga zolimba. M'sitima anthu thithithi, ndachikumbatira pachifuwa mpaka Manchester. Muholo ndalankhula bwino kwambiri za agogo, za ludzu, za minga ya Chikwawa. Ena mpaka misozi. Ndakoka chitenje. Chakana. Ndakoka mwamphamvu.
Gulu lonse la nkhondo lachoka ndi chitenje, mbendera ndi milambe yomwe. Pachithunzi patsala matope, theka la bulu, ndi uja wakumapeto: chipewa chonse, ndevu zonse.
Kenaka a Chirwa, mwaulemu wawo wonyansa uja: "Agogo ndi amenewa?"
Ndayankha kuti inde. Munthu ukayamba, umalize.

Lamulungu, 7 Julayi
Kutchalitchi ayamba kunditchula kuti a Mexico. Mayi a Tadala sakundilankhula. Chitenje chachapidwa kawiri, asilikali sakuchoka. Kumeneko ndiye auma.
Chithunzi ndachipachika m'khonde, pafupi ndi majekete. Ndamuyang'ana mkulu wachipewa uja nthawi yaitali. Anzake onse apita, dziko lake lafufutika, kunja kukugwa mvula, iye akungoguba. Sakudziwa kuti ali ku Bolton.
Akhale. Tilipo awiri.