Zikomo Bwana Potionetsera Thewera la Mayi Anga Pachipata

Kwa Bwana Woyang'anira,
Paki ya Sekererani,
Kunyanja, Salima.

Olemekezeka Bwana,

Ndikudziwa chimene chakudumphitsani mtima mutangoona kalatayi. Mukuganiza kuti nayu winanso wofuna chipukutamisozi, kapena kholo la mwana amene anagwa pakatungwe. Mtima m'malo, bwana. Palibe amene anathyoka mwendo, ndipo loya ndilibe. Ine ndine Agnes Mkwanda, mphunzitsi wopuma wa ku Chitala, ndipo ndalemba kuti ndithokoze. Ndaphunzitsa ana za thupi la munthu kwa zaka makumi atatu, koma zimene ndinaphunzira pamalo panu Loweruka lina mu Okutobala sindinaziwerengepo m'buku lililonse.

Tinabwera anthu anayi: ine, amuna anga a Lenard, mwana wathu Tiyamike, ndi mayi anga a Eveles, a zaka 81, mlimi wa mpunga ku Lifuwu. Tiyamike akukwatiwa pa 20 Disembala, ndipo akuchimuna anasankha kuti madyerero adzachitikire pakapinga panu. Tinadzaona malo. Mayi tinawatenga chifukwa ndi amene anamulera mtsikanayu pamene ine ndinkaphunzitsa kutali.

Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, poti uphunzitsi suchoka m'magazi. Chikhodzodzo chili ngati kathumba komangidwa kukamwa ndi chingwe cha mnofu. Mzimayi akabereka ana asanu ndi anayi, n'kumaweramanso m'madzi a mpunga moyo wake wonse, chingwecho chimatopa. Akatsokomola, akaseka, akadzuka mofulumira, mkodzo umadontha. Nthawi zina kathumbako kamangolamula, ndipo munthu amatsala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Si uve, si kulodzedwa, si chibwana. Abambo nawonso zimawapeza akamakula, ngakhale amene amakhala m'maofesi ozizira bwino. Ndangotchula chabe, bwana, sindikuloza munthu.

Vutoli munthu amatha kukhala nalo bwinobwino ngati akonzekera. Tsikulo mayi sanamwe tiyi m'mawa, poti tiyi amafulumizitsa zinthu. Madzi ndinkawapatsa pang'onopang'ono, chifukwa kumana munthu wamkulu madzi padzuwa la Salima n'kumupha. Anavala thewera la akuluakulu, limene ena amati pampasi. M'chikwama ndinaikamo matewera ena awiri, chitenje chakuda, sopo, kansalu ndi jumbo. Tinagwirizana kuti pakatha maola awiri aliwonse tizipita kuchimbudzi, kaya zawagwira kaya sizinawagwire. Mwa njira imeneyi mayi akhala akupita kutchalitchi, kumaliro ndi kumsika kwa zaka zinayi popanda wodziwa kanthu. Ngakhale a Lenard sankadziwa. Inu munabadwira konkuno, mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Chikwatiwire changa, mayi sanatchulepo ngakhale mawu oti chimbudzi a Lenard ali pafupi.

Tsopano nawa mathokozo anga.

1. Zikomo chifukwa cha mlonda wanu wapachipata. Sindinaonepo munthu wokonda ntchito yake chotere. Lamulo lanu likuti chakudya chakunja chisalowe, ndipo iye amalisunga ngati linatsika paphiri pamodzi ndi khumi aja. Anakhuthula chikwama changa patebulo. Ndinamunong'oneza kuti m'menemo muli zachizimayi. Anandiyankha mokweza kuti anthu ena amabisa mandasi m'zinthu zomwezo. Kenako anatambasula thewera limodzi, n'kulikweza m'mwamba kuti aliunike padzuwa, n'kufunsa kuti khanda lonenepa chonchi talisiya kuti. Mzere wonse unafa nako kuseka. A Lenard mwadzidzidzi anachita chidwi ndi mtengo wa mango umene unali kumbuyo kwawo, anauyang'anitsitsa ngati sanaonepo mango chibadwire. Mayi anakokera mpango wawo kumaso. Ndine wokondwa kukudziwitsani kuti mandasi sanapezeke. Malonda anu a tchipisi ndi otetezeka.

2. Zikomo chifukwa cha amene anakonza kakhalidwe ka malowa. Bala ili pakhomo penipeni, okazinga nyama pambali pake, akatungwe ndi kasitima ka ana pomwepo. Chilichonse cholowa m'mimba chili pafupi. Chimbudzi ndiye munachiponya kumapeto, kuseri kwa jenereta, kopanda chikwangwani, kuti alendo azilimbitsako thupi pochifunafuna. Ndinawerenga mapazi: mazana anayi ndi khumi ndi awiri, pamchenga wootcha. Amenewo ndi mapazi anga. Mayi amayenda ndi ndodo.

3. Apa ndiye mathokozo anga achuluka, mundipirire. Titafika tinapeza loko wamkulu, wonyezimira, ndi kapepala kotiuza kuti kiyi ali ku bala. Nzeru zakuya zedi. Chimbudzi chokhoma sichida, ndipo ndikukhulupirira kuti chanu ndicho choyera kuposa zonse m'boma lino. Mayi ndinawasiya pamthunzi wa thanki, ine n'kubwerera mapazi aja. Ku bala nyimbo zinali pamwamba moti ndinachita kukuwa. Wogulitsa anafuna kudziwa kaye kuti wofuna chimbudziyo ndani, ndiponso ngati ndi zazikulu kapena zazing'ono, ati chifukwa madzi ngovuta. Mafunso abwino, a munthu wosamala. Koma a Lenard anali atakhala pakauntala pomwepo ndi chakumwa chawo. Anachisiya chisanafike ndi pakati pomwe, n'kupita kukaona nyanja, imene akhala akuiona kwa zaka makumi asanu ndi limodzi. Atamaliza mafunso, wogulitsa uja anakumbukira kuti kiyi ali ndi bambo wosesa, amene anali atapita kukathandiza kukankha boti. Ndinawapeza. Zonse pamodzi zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kumbukirani, bwana, ndinati mphindi ziwiri kapena zitatu.

Nditabwerera ndinapeza mayi ataima pomwe ndinawasiya, atatsamira ndodo, chitenje chitanyowa mpaka kumapazi. Thewera limathandiza, koma lili ndi malire ake. Sanalire. Anangondipempha motsitsa mawu kuti Tiyamike ndisamuitane.

4. Zikomo chifukwa cha m'kati mwa chimbudzimo. Chitseko chili ndi loko kunja koma chilibe chokhomera m'kati, choncho ndinachitchinga ndi msana kwinaku ndikuwasintha mayi. Mpopi unangotulutsa mpweya, nyanja yonse ija ikutiyang'ana pawindo. Bini munalibe. Munali chikwangwani chokongola chotipempha kuti tisiye malowa mmene tawapezera, ndipo tinamvera: thewera logwiritsidwa kale ntchito ndinalimanga m'jumbo n'kuliika m'chikwama changa, pafupi ndi Baibulo.

5. Pomaliza, zikomonso chifukwa cha mlonda yemwe uja, amene amasechanso anthu potuluka poopa kuti angabe matambula anu. Anaipeza jumbo ija. Ndinamuchenjeza kawiri. Anaimasula ndithu, n'kupisamo dzanja mpaka m'kati. Pamfundo imeneyi ndilibe dandaulo lililonse.

Mwina mukuseka, bwana, ndipo sekani, ndi dzina la malo anu. Koma ndikuuzeni zimene zachitika kuyambira tsikulo. Papita masabata asanu mayi osaponda kutchalitchi, munthu amene ankafika belu lisanalire. Madzi akumwa ochepa dala kuti asamataye, moti sabata yatha anachita chizungulire m'munda mpaka anzawo anachita kuwanyamula. A Lenard atapita ndi thumba la feteleza ku Lifuwu, mayi anadzitsekera m'nyumba, thumbalo analilandira ndi mwana wa achemwali anga. Nsalu ya ukwati imene Tiyamike anawagulira ili m'sutukesi, yosasoka. Akuti sabwera. Tiyamike akuti popanda agogo ake savina, ndipo makadi akuchimuna anagawa kale, dzina la paki yanu lili pamenepo m'zilembo zagolide.

Lamlungu ndinakhala ndi mayi nthawi yaitali pakhonde. Pamapeto pake anandiuza kuti adzabwera pokhapokha ine, ndi maso angawa, nditaona kuti loko uja wachoka ndiponso kuti chikwama cha zinthu zawo sichidzakhuthulidwa pamaso pa mkamwini. Mayi anga sindinawanamizepo, ndipo sindiyamba pano. Kwatsala masabata atatu.

Choncho ndikugwada, bwana, ndi zopempha zazing'ono, zosayenera n'komwe munthu wamkulu ngati inu. Loko achoke kunja, chokhomera chilowe m'kati. Muikemo bini ya chivundikiro ndi ndowa ya madzi, nyanja sidzaphwa. Pakati pa njira pakhale benchi, ndi kachikwangwani kolozera. Pachipata pakhale mlonda wamkazi ndi kansalu kotchinga, azisakira mandasi kuseri. Zimenezi sizothandiza mayi anga okha. Tsiku lija ndinaona agogo angapo atakhala m'magalimoto panja pa mpanda, mawindo otsegula, akudikira zidzukulu zawo. Sindinawafunse chifukwa chake. Sindinafunikire kufunsa.

Koma ndine mphunzitsi, ndimadziwa kuti phunziro limalowa bwino munthu akaliyesa yekha. Ndiye ndikupempheni mwaulemu, Loweruka likubwerali masana, mudzayeseko. Itanani apongozi anu aakazi, muwakhazike pakauntala paja ndi chakumwa chozizira. Inu imwani mabotolo atatu a madzi, ogula pabala panu pomwepo kuti tisaphwanye lamulo. Dikirani mpaka kathumba kaja kalamule. Kenako tengani ndodo, muyende pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa jenereta, muwerenge kapepala kaja, mubwerere, mupemphe kiyi mokweza kuposa nyimbo, ndipo muyankhe mafunso onse apongozi anu akumva.

Mukapirira mpaka bambo wosesa atabwerako ku boti, ndilembereni, ndidzawauza mayi kuti olakwa ndi iwo. Zikakukanikani, musade nkhawa. Ndasiya thewera limodzi latsopano pachipata, mu envulopu yolembedwa udindo wanu. Mlonda wanu akudziwa kale katambasulidwe kake.

Ine wanu wodzichepetsa, woyembekezera kumva kuti loko wachoka,

Agnes Mkwanda (Mayi)
Chitala