Sigara za a Abednego

Aliyense amene anali ku Chiparamba zaka zoyamba za ufulu akudziwa kuti a Abednego Sakala sankapereka moni asanakununkhize. Akamva fungo la ndudu ya m'sitolo pa malaya ako, ankapukusa mutu ngati wawauza za maliro.

Anagwira ntchito yosankha fodya zaka makumi awiri pa famu ya mzungu wina. Tsiku lina mzunguyo anasiya pakhonde kachiduswa ka sigara, ndudu yaikulu ija yokulunga ndi masamba okhaokha, iwo n'kukakamalizira kuseri kwa chigafa. Kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Ankatiuza kuti fodya weniweni amayamba kutsekemera ngati uchi, pakati n'kumveka dothi la mvula yoyamba, kumapeto n'kukumenya pachifuwa mwaulemu.

Mzungu uja atapita kwawo, a Abednego anati mabwana atsopano sangamasute zomwe timasuta anthu wamba. Anabzala fodya munda wonse kuti azipanga sigara zawozawo, chimanga mizere isanu yokha. Akazi awo, a Yosefina, anafunsa ngati ana adzadya utsi. Iwo anati adzadya buledi wa ku Lusaka.

Atakolola, pofika Febuluwale m'nkhokwe munalibe kanthu, ana akungodya nkhwani. A Abednego anamangirira sutikesi ya sigara panjinga, ulendo wa ku Mwami, pachipata cha m'malire ndi Malawi, kukanyengerera madalaivala a malole. Mmodzi, dzina lake Fackson, anavomera kulawa. Anakoka katatu, n'kukhala pansi atatsamira tayala, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti Malawi ali mbali iti.

"Mphamvu yake ndi imeneyo," anatero a Abednego. "Mutenga zingati?"

"Atate, ndili ndi ana ine," anayankha Fackson.

Anabwerera sutikesi ili yodzaza, ndipo banjalo linapulumuka chaka chimenecho ndi maganyu a a Yosefina. Chiyembekezo chotsala chinali chionetsero cha zaulimi m'tauni, kumene kunabwera bwana wina wa ku Lusaka. A Abednego, munthu wa imvi, anagwada m'fumbi khamu lonse likuona, atagwira sigara imodzi ndi manja awiri. Bwanayo anainunkhiza, anaiika m'thumba, nati adzalemba kalata.

Kalatayo anaidikira zaka zisanu ndi zinayi, Lachisanu lililonse akupalasa njinga kupita ku positi. A Yosefina atatopa anangolowa m'munda n'kubzala chimanga ndi nsawa. Amuna awo anatenga khasu n'kumawatsatira pambuyo.

Atadwala anandiitanitsa, popeza ndinali mnansi wawo. Anandiululira kuti lilime lawo linafa kalekale, sankamvanso kukoma kwa chilichonse. Anapempha kuti ndisute imodzi ya m'sutikesi muja, ndiwauze zoona. Ndinayatsa ndili ndi mantha, msana nditatsamiziratu kuchitseko. Koma zaka zonse zija zinali zitaifewetsa. Inali yofatsa, yonunkhira, yokoma kuposa fodya aliyense amene ndinasutapo. Ndinawauza momwemo, kawiri konse.



"Nawenso wayamba kundimvera chisoni," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Anamwalira sabata yomweyo. Masiku ano tikakhala pakhonde la sitolo nkhani imatha msanga, aliyense n'kumangoyang'ana msewu. Ine fodya ndinasiya chaka chomwecho. Anthu amati ndinaopa chifuwa, ndipo sindiwatsutsa.