Ndinadzera Kumanda Popita Kukafunsira Ntchito

Mpaka lero mlamu wanga akandiona amayamba wandiyang'ana paphewa, kenaka n'kupukusa mutu. Kazako wake, jekete ya pa ukwati wake, sanayerenso, ndipo wolakwa ndine.

Chitsekereni kampani yodzala mitengo imene ndinkagwirako, ndinakhala zaka zambiri pakhonde ku Sanjala, kuno ku Lichinga. Ulova umawawa, abale. Mkazi wanga ankadzuka kukuzizira kukakazinga mandasi, ine n'kumasesa pabwalo posesedwa kale kuti odutsa aziona ngati ndili ndi chochita. Chinandilasa mtima kwambiri n'chakuti mwana wathu Rozita atafunsidwa kusukulu ntchito ya bambo ake, anayankha kuti, "Amadikira telefoni."

Tsiku lina telefoniyo inaliradi. Anali mtsikana wa ku alimazeni, nyumba yaikulu yosungiramo mbatata ya kachewere. Anati akufuna munthu wolembera katundu, ndipo ndifike m'mawa mwake kudzaonana ndi patarawu, mwini wake wa malowo.

"Koma musachedwe, tiyu," anatero, kundilemekeza ngati amalume ake. "Che Saide sagwirizana ndi anthu ochedwa."

Ndinathamangira kwa mlamu kukabwereka kazako uja (anandipatsira ngati akundipatsa khanda lobadwa dzulo). M'mawa ndinakwera mota, njinga yamoto ya hayala, mtima uli m'mwamba.

Tili m'njira tinakumana ndi maliro a Asilamu akulowera komwe tinkapita ife. Wamota anaima n'kuzimitsa injini. Kwathu kuno jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu, likamadutsa, mwamuna aliyense, kaya wa kumzikiti kaya wa kutchalitchi ngati ine, amaikapo phewa pang'ono, wina n'kumulandira. Ndinati mumtima, lero ndikufuna madalitso, bwanji ndinyamuleko. Wamota ndinamuuza akandidikire kutsogolo pamphambano.

Ndinanyamula, wina anandilandira, zonse bwinobwino. Ndiye ndinayamba kuthamangira kutsogolo kuti ndikapeze mota yanga. Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinaiwala kuti pamaliro otere, wothamangira kutsogolo ndi amene akufuna kunyamulanso. Anthu anandipatukira mwaulemu, mkulu wina anandikoka dzanja, ndipo ndinangozindikira mtengo wa jeneza wabwerera paphewa. Atandilandira ndinathamanga koposa poyamba. Anandigwiranso. Pamphambano paja ndinadutsa ndili pansi pa jeneza, wamota akundiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mashallah," anatero wina chapambali. "Wa kazakoyu ankawakonda malemu."

(Malemuwo sindinkadziwa n'komwe kuti anali bambo kapena mayi.)

Kumbuyo kwanga kunkanyamula bambo wina wamfupi, wa ndevu zaimvi ndi kachipewa koyera. Ndinapotoza khosi n'kumunong'oneza.

"Mjomba, ndithandizeni kuthawa. Ndikufunika kuntchito yatsopano, ndipo akuti patarawu wake ndi nkhalamba yovuta kwabasi."

"Pepani mwanangu," anayankha motsitsa mawu. "Tiyeni tikaike kaye."

Kumanda zinthu zinaipiraipira. Poti onse anali ataona chikondi changa pa malemu, fosholo yoyamba yokwirira anaipereka kwa ine. Mukulidziwa dothi lofiira la Lichinga. Kazako wakuda uja anasanduka ngati njerwa yootcha, nsapato osanena. Shehe akupemphera, ine misozi inali mbwee, ndipo anthu ankandisisita pamsana. Sankadziwa kuti ndikulira ntchito yanga.

Ku alimazeni ndinafika wapansi, dzuwa lili pamutu. Ndinapitako chabe chifukwa ndinalibe nkhope yobwerera nayo kwa mkazi wanga, amene anali atandipatsa tiyi wa mkaka m'mawa uja ngati munthu wapantchito kale. Mtsikana wa telefoni uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwachita ngozi, tiyu?"

"Ayi, maliro."

"Khalani pabenchipo. Nawonso patarawu anapita kukaika mlonda wathu wakale."

Ndinakhala pabenchipo. Posakhalitsa pakhomo panatulukira bambo wamfupi uja, kachipewa koyera kali pamutu, akusasa fumbi lofiira m'manja. Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi si inu mumathamangira nkhalamba yovuta ija?"

Ndinalakalaka akanandikwirira limodzi ndi malemu aja. Ndinayamba kupepesa, Chinyanja ndi Chipwitikizi zikusakanikirana m'kamwa, koma iwo anangokweza dzanja.

"Malemu aja analibe abale ambiri," anatero Che Saide. "Mwawanyamula kuposa ife amene tinkawadziwa, ngakhale mumanyamula mukuthawa. Kulemba kwanu sindinakuone, ndipo pa mpando umenewo pakhala kale wina amene anafika m'mawa. Koma phewa lanu ndaliona. Lolemba kukubwera lole ya matumba kuchokera ku Lione. Mufika?"

Ndinayang'ana kazako wa mlamu, ndinakumbukira tsache langa la pabwalo, ndipo ndinati ndifika.

Ndikugwirabe pomwepo. Lole ikafika, Che Saide amafuula kuti, "Itanani uja wothamangira kutsogolo!" ndipo anyamata onse amaseka. Masiku ano ndikakumana ndi jeneza ndimanyamulabe, koma akandilandira ndimaima njo pomwepo mpaka onse adutse.

Madzulo a tsiku lija Rozita anandifunsa, "Papa, nanga tsopano kusukulu ndizinena kuti mumatani?"

"Uziti amanyamula mbatata."

Anabwereza mawuwo chapansipansi kuti asaiwale, n'kuthamangira panja kukauza anzake.