Phazi la Ketut Wanga

Kwa Wolemekezeka Bambo Mkulu wa Chipatala,

Ndagwada, manja ndaphatikiza pachifuwa. Ndine Ni Luh Sekarini, wogulitsa maluwa a nsembe pamsika, mkazi wa I Ketut Suweca amene wagona m'wodi ya amuna kudikira kuti mumuchotse ng'ala m'diso. Ndalemba kuti ndithokoze basi. Mbuli ngati ine ingadandaule chiyani?

Choyamba, zikomo polemekeza mwambo. Kuno ku Bali mwana aliyense wachinayi kubadwa amatchedwa Ketut, ndipo m'wodimo agonamo a Ketut atatu. Zipatala zamwano zimaveka odwala tizibangili ta mayina pamkono, ngati atambala a pamsika. Inu ayi. Kwanu namwino amangoima pakhomo n'kuitana Bambo Ketut, ndipo amene wayamba kuyankha, matendawo ndi ake.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ulendo waulere. Lachiwiri lapitali mwamuna wanga, amene chibadwire sanatsutsepo munthu wovala zoyera, anayankha msanga. Anamukankha pabedi lamatayala kupita naye kuchipinda cha opaleshoni, anamumeta mwendo, n'kumulemba mzere pamwamba pa kakolo. Chonsecho phazi loyenera kudulidwa linali la Ketut wa pawindo, wodwala shuga uja. Ine ndinali panja kugula mpunga wa nkhumba yootcha, osadziwa kuti bambo wa ana anga atsala pang'ono kusanduka woyendera ndodo. Diso lake likanatsala lomwelo, koma nsapato tikanamagula imodzi.

Chachitatu, za namwino Desak Ratmini. Mayi ameneyu ataona kuti phazilo ndi labwinobwino, anagwira dokotala dzanja pamaso pa anthu, kenako n'kukanena nkhaniyo kwa inu. Kupanda mwambo kwake! Munachita bwino kumusamutsira kochapira nsalu. Anzake atengerapo phunziro, tsopano ngakhale aone mutu ukudulidwa adzangowerama mwaulemu. Chikwangwani chanu cha pageti, chonena kuti chaka chino simunalakwitsepo kanthu, chikadali chowala.

Za mwambo woyeretsa wodi umene munachititsa mawa lake sindinganene zoipa, pajatu maluwawo munagula kwa ine. Kungoti milungu imawadziwa kale a Ketut onse mmodzimmodzi. Osawadziwa ndi ogwira mpeni.

Nthabwala pambali, Bambo, ine mtima uli m'mwamba. Ketut wanga alowanso ku opaleshoni Lachinayi, ndipo Desak adzakhala akuyanika mabulangete. Mwamuna wangayo ndamulemba kale ndi inki pamphumi kuti DISO, kuphazi kuti AYI, koma munthuyu amatuluka thukuta kwambiri.

Ndiye kapempho kanga n'kakang'ono. Ndamva kuti nanunso kwanu ndinu wachinayi kubadwa. Bedi lapakati lilibe munthu. Chonde, Bambo Ketut, Lachinayi m'mawa mudzavale mkanjo wa odwala, mudzagonepo pang'ono, mudzaone nokha ubwino wa chipatala chanu. Namwino akadzaitana pakhomo musadzachite manyazi. Mwamuna wanga ndamulangiza kale kuti akuluakulu ndiwo amayamba kuyankha.

Ine fumbi la kumapazi anu, onse awiri,
Ni Luh Sekarini