Ulendo wa Kuti, a Lackson?

Pa Chitakale palibe amene sankawadziwa malemu a Lackson, msodzi amene anamera imvi mbedza yake isanalawe madzi. Nsungwi anali nayo yosalala bwino, nyongolotsi ankakumba okha kuseri kwa bafa, koma kumtsinje sankafika. Chinawapweteka ndi mwambo umene anawasiyira atsibweni awo a ku Mozambiki, woti msodzi akatchula kumene akupita, nsomba za kumeneko zamva, ulendo wafa. Tsoka lake, a Lackson analeredwa mwaulemu. Munthu akawafunsa, kukhala chete sankatha, ndipo kunama ankati n'tchimo.

Loweruka lililonse akaweruka ku esiteti ya tiyi kumene anali kapitawo, ankauza akazi awo, a Esteri, kuti, "Mayi, lero musagule ndiwo." A Esteri ankavomera, bambo akangokhota iwo n'kukagula bonya. Ku mjigo amayi anzawo ankawafunsa ngati poto wa nsomba sanabooke, ndipo zinkawawawa. A Lackson atamva, analumbira kuti sadzafa asanaike nsomba ya mbedza yawo m'mbale ya mkaziyo.

Koma njira inkadutsa pa siteji, ndipo pa siteji pankakhala a Sabina ogulitsa zitumbuwa, mayi wa pakamwa ngati lumo.

"Mwaswera bwanji a kapitawo? Ulendo wa kuti?"

A Lackson ankaima. "Ku Likhubula, mayi." Akatero ankamenyetsa nsungwi pansi. "Mwandiphera Likhubula."

"Pepani, ndinaiwala. Ndiye pano mulowera kuti?"

"Ku Ruo. Aa, mayi inu."

A kabaza ankaseka mpaka kugwetsa njinga. Ronald woitanira minibasi ankamalizitsa powatchulitsa Lichenya ndi Thuchila, mwaulemu wake, chipewa chili m'manja. Dzuwa likamapendeka mitsinje yonse ya ku Mulanje inali itatha, nyongolotsi zitafera m'chitini, munthu wamkulu akubwerera kwawo mapazi ali ouma.

Nzeru anayesa, zisakunamizeni. Tsiku lina anamanga mpango kukamwa ngati wodwala dzino. A Sabina anawamvera chisoni kwambiri. "Musavutike kuyankhula bambo. Ngati ndi ku Likhubula, ingogwedezani mutu." Mutu unagwedezeka wokha. Tsiku lina anazembera m'munda wa tiyi, n'kukumana ndi abusa, amene anafunsa mosadziwa kanthu. Abusa ungawabisire? Ulendo unathera pomwepo, ndi pemphero lomwe.

Zaka zinapita, a Lackson anapuma ntchito, miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera pa kamtunda kakang'ono. Apa m'pamene a Esteri anapita pa siteji n'kugwada pamaso pa a Sabina, anthu akuona.

"Mwaseka mokwanira, mayi. Loweruka lino lokha, asiyeni adutse."

A Sabina anavomera. Sichinali chifundo ayi, ankangofuna kuona kansomba kamene kadzabwereko kuti apeze choseka chatsopano.

Loweruka a Lackson anafika pa siteji. Anapereka moni, anthu anayankha moni wokhawo. Anachepetsa liwiro, anatsokomola, koma palibe anafunsa. Onse anawapatsa nkhongo poopa kuphulika ndi phwete, mwakuti palibe anaona minibasi imene anakwera. Akanacheuka akanaona mkuluyo akumwetulira.

Tsikulo a Esteri sanagule bonya. Anasinja tomato, anadikira, koma a Lackson sanabwere. Kutacha anafika pa siteji maso ali psuu.

"Anati akupita kuti?"

Pa Chitakale ponse, anthu amene anatha zaka akufunsa funso lomwelo, panalibe wodziwa. Anakafufuza ku Likhubula, ku Ruo, ku Lichenya, ku Thuchila, kulikonse kumene mkuluyo anatchulapo, osaganiza kuti kwa iye mitsinje imeneyo inafa kalekale. A Lackson anasankha kamtsinje kamene sanakatchulepo n'kamodzi komwe. Anawapeza amayi otola nkhuni patapita masiku, atatsamira mtengo, nsungwi ili pamiyendo. Achipatala anati unali mtima, ndipo akanapezeka tsiku lomwelo mwina akanatsitsimuka.

M'thumba mwawo munali mlamba umodzi wokutidwa bwino m'tsamba la nthochi, utawola kale. A Esteri sanalole kuti autaye. Anauika m'mbale yawo ya alendo, fungo lake ndi ntchentche zomwe, n'kuukhazika pakhonde pamene amayi a ku mjigo ankadutsa polowa m'siwa.

Masiku ano Loweruka pa Chitakale n'lozizira. A Sabina amadandaula kuti zitumbuwa sizikuyenda ngati kale, poti anthu ankagula akuonera. Pafupi ndi beseni lawo pamakhala a Esteri, amene sagulitsa kanthu. Munthu wachikulire akamadutsa yekha, a Esteri amamugwira malaya.

"Ulendo wa kuti, bambo?"

Samusiya mpaka atayankha, ndipo palibe amaseka.