Chikwangwani cha pa Mphambano

Lolemba

Kuzizira koopsa, nkhungu mpaka pakhomo. Komabe gulu lathu la Tisenzetsane lakumana monga mwa nthawi zonse kuseri kwa chigayo, aliyense manja m'khwapa.

Nkhani yaikulu: Loweruka kukubwera alendo a bungwe lina la ku Lilongwe. Ali ndi njinga imodzi ya ambulansi, ija yokoka kangolo kogonekamo wodwala, ndipo akufuna gulu loti alipatse. Ife ndiye tikuifuna zedi. Mpaka lero wodwala timapita naye kuchipatala cha ku Nzama pachitseko, anthu anayi m'ngodya. Chitseko changa chomwechi njira ya ku Nzama chimaidziwa kuposa mwini wake.

Chaka chatha alendo omwewa adasochera, poti pa mphambano yolowera kwathu palibe chizindikiro. Ndiye ndaimirira, ndakonza kolala, ndati: chikwangwani! Chachikulu, choti ngakhale dalaivala wa tulo achione. Ine ndine telala, mzere wowongoka ndimaudziwa. Andiombera m'manja. Apampando athu, mayi Nachisale, angoti, "Chabwino atelala, ntchito ndi yanu."

Pofika madzulo pakhonde panga pali:
thabwa lalikulu, lotalika ngati munthu, kuchokera kwa a Ngozo akalipentala;
nsanamira ziwiri za bulugamu;
penti yakuda, penti yoyera ndi bulashi, mphatso ya Che Yusufu a pagolosale;
misomali;
simenti yotsala m'thumba.

Ndikatsinzina ndikungoona zilembo.

Lachiwiri

Tsiku lophikira ana phala ku sukulu ya mkombaphala. Ine ndikuwaza nkhuni. Mayi Nachisale akutakasa mphika, kumsana ali ndi mwana wa eni, pakamwa akuweruza mlandu wa tiana tiwiri tolimbirana kapu. Mayi ameneyu manja ake ndi awiri okha, ndawawerenga, koma sindikukhulupirira.

M'kalasi bolodi idatumbuluka kalekale. Aphunzitsi akalemba ndi choko, palibe chooneka. Ana akungoloweza zam'mutu. Mayi Nachisale ayang'ana bolodi. Kenako ayang'ana ine.

"Atelala, penti yakuda ija ilipo yambiri, eti?"

Ndati tingotapako pang'ono. Bolodi yamwa chitini chonse ngati ili ndi ludzu la chaka. Asa! Koma aphunzitsi atalemba chilembo choyamba pakona pouma, kamtsikana kena kafuula, "Yaoneka!" ndipo kalasi yonse yaimirira kudzaona. Ndavomera, bolodi ija ndaipaka bwino.

Palibe kanthu. Ndilemba ndi penti yoyera pathabwa losapaka.

Lachitatu

Tsiku loyendera okalamba. Amayi akuzira ndi kuchapa, ife amuna tikuona zamadenga. Tafika kwa a Jere, mkulu wosaona amene amakhala yekha. Denga la khonde lawo lapendekeka, lachirikizidwa ndi munsi wosinjira. Iwo akhala pansi pake penipeni, akuwothera dzuwa, osadziwa kanthu.

A Ngozo agwedeza munsi uja ndi chala chimodzi, fumbi mbuu! Kenako ayamba kutsokomola moyang'ana ine. Chifuwa chimenechi ndachizindikira. Ndayang'ana kumwamba, ndayang'ana nkhuku, ndamanga nsapato yomanga kale. Sizinathandize.

Zapita:
nsanamira zonse ziwiri;
misomali yonse, kupatula umodzi wopindika.

Titamaliza, a Jere apapasa nsanamira kuchokera pansi mpaka pomwe dzanja lafika. "Mitengo ndi imeneyi, osati zija. Wapereka ndani?" Mayi Nachisale, mosaphethira n'komwe: "Atelala." Mkulu uja wandigwira manja onse awiri n'kuyamba kundidalitsa, ine, ana anga, mpaka makina anga osokera. Tsono munthu wakudalitsira makina, ungamuuze bwanji kuti nsanamira n'zobwereka?

Maganizo atsopano: chikwangwani tichimangirira ndi luzi ku mtengo wa mango wa pa mphambano. Mwinanso n'kukongola koposa.

Lachinayi

Ntchito zachitukuko. Simenti ndaipereka ndekha asanandiyang'ane, poti nsanamira zoti izigwire palibe. Yatseka mng'alu wa pamjigo pomwe amayi amaterereka. Mayi Nachisale ati, "Mwaona? Atelala ndi munthu." Ndasangalala ngati mwana, zamanyazi.

Penti yoyera ndaibisa m'mtanga wa zigamba. Koma masana abwera Che Yusufu eni ake, chipewa choyera kumutu, ulemu wonse. Akuti dzulo m'mawa wakabaza adagwera pakamlatho ndi matumba a mbatatesi, chifukwa mu nkhungu m'mphepete simuoneka. Akufuna tipake miyala ya m'mbali.

"Pepani akulu, ndikudziwa ndinapereka kale. Koma mwala ukaoneka, mwendo upulumuka."

Munthu atseka golosale tsiku la malonda kuti akapake miyala, iwe n'kumakana? Tapita. Miyala yayera mbee, ukuiona uli patali. Bulashi yagwera mumtsinje, yapita ku Bwanje kukaona mpunga.

Che Yusufu andipepesa ndi kachitini ka penti yofiira yakalekale, yolimba ngati chiponde. Akuti imachedwerapo kuuma. Pang'ono pokha, akutero.

Lachisanu

Lero gulu likutungira madzi odwala ndi amayi oyembekezera. Ine sindikupita! Ndakokera thabwa kuseri kwa nyumba. Aliyense wofunsa, ndapita ku Mlangeni kukagula ulusi.

Bulashi yanga: kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi. T woyamba watuluka wokongola, wonenepa, ngati wa pabasi. Ndakondwa, ndawonjezera mphamvu. Pofika kumapeto kwa thabwa ndalemba TISENZETSA, malo atha. NE ndamuika pansi, wamng'ono.

Mayi akunyumba aima, manja m'chiuno, awerenga. "NE-yu ndi gulu lina?"

Adasankha dzinali ndani? Magulu ena ali ndi maina afupi, okwana ngakhale pachivundikiro cha ndowa.

Chakumadzulo gulu ladutsa kuseri komweko, ndowa pamutu, nyimbo pakamwa. Ndagwidwa ndi mswachi m'manja. Mayi Nachisale sananene za ku Mlangeni. Angoyamikira T, n'kundiuza kuti Esinati, mtsikana wa kutsidya uja mwamuna wake ali ku Joni, masiku ake ayandikira, Lolemba timuperekeze kukadikirira kuchipatala. Kenako anyamuka, ndowa pamutu, ina kumanja. Yakumanjayo inali yanga.

Penti siinaume. Ndakupiza ndi lichero mpaka mkono kuwawa.

Loweruka

Ndavala jekete la maukwati. Penti ikadamata. Thabwa ndaligoneka pakhonde kuti lione dzuwa, alendo akuti afika chakumasana. A Ngozo, Che Yusufu ndi mayi Nachisale afika kale pakhomo panga kudzadikira. Mayi akunyumba akaima pa mphambano kugwirizira mbali imodzi, ine inayo, luzi likakana.

Mwadzidzidzi apongozi ake a Esinati, wefuwefu. Mwana sanadikire Lolemba, matenda ayamba, ndipo zinthu sizikuyenda bwino. Amuna ambiri ali kumunda kukumba mbatatesi. Chitseko cha Esinati n'cha bango. A Ngozo agwira chitseko changa kuti achizule, koma mwezi watha ndidachikhomera ndi mahinjesi atsopano olimba, poti ndidatopa kugona pamphepo. Mayo ine!

Palibe amene wandiyang'ana. Onse akuyang'ana pansi. Pansi pomwepo pali thabwa, lotalika ngati munthu.

Ndalinyamula ndekha.

Tafika kutsidya, tayala chitenje, tamugoneka Esinati. M'ngodya: a Ngozo, Che Yusufu, mayi Nachisale, ine. Mayi akunyumba pambuyo ndi beseni ndi nsalu, za mphambano aiwala, inenso sindinawakumbutse. Tadzera njira yachidule ya kuphiri. Mayi Nachisale akusenza ngati mwamuna, uku akulankhula ndi Esinati mofatsa, "Limba mwanawe, tafika, tafika," pamene sitinafike ndi theka lomwe.

Tili pamwamba pa chitunda, ndaiona. Galimoto yoyera, kumbuyo kwake chinthu chonyezimira. Yafika pa mphambano yathu. Yachepetsa liwiro. Yaima pafupi ndi mango uja. Foni ya apampando ilibe netiweki, ine manja onse ali pathabwa, ngakhale kubayibitsa sindingathe.

Mayi Nachisale aionanso. "Atelala, mukathamanga muwapeza. Atatufe tiyesetsa."

Ndayang'ana galimoto. Ndayang'ana Esinati, wagwira m'mphepete mwa thabwa, zala zofiira ndi penti yanga. Ndati tiyeni, mukuchedwetsa ulendo. Galimoto yanyamuka, fumbi lokha kutsala. Misozi yatuluka, ndanamizira mphepo.

Ku Nzama anamwino amulandira msanga. Pomutsitsa, chitenje chakana kuchoka, chamatirira. Atachikoka, zilembo zanga zonse zili pachitenje, chagada. Jekete la maukwati ndiye musafunse.

Dzuwa lisanalowe, nthungululu. Esinati wachira, mwana wamkazi. Anamwino akuti tikadachedwa ikadakhala nkhani ina. Che Yusufu akhala pansi, avula chipewa, akungoti alihamudulila. A Ngozo akutsokomola, koma ulendo uno sichifuwa chopempha kanthu.

Lamulungu

Phewa latupa. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, jekete lobwereka.

Uthenga wafika pafoni ya apampando: alendo atisowa, njinga aipereka ku gulu lina kumunsi ku Bwanje. Ndimayembekeza kuti mayi Nachisale akhumudwa. Iwo akuti, "Kumenekonso kuli odwala, ndipo ndi kuchigwa, njinga iyenda bwino." Ine mtima ukundipwetekabe, sindibisa. Njinga ija ndimaifuna. Koma mtima wa mayi amene uja, ndikadakhala nawo ngakhale kachigamba kake, bwenzi ndili munthu.

Zomwe sabata ino yandisiyira:
bolodi yakuda;
khonde la a Jere;
miyala yoyera;
msomali umodzi wopindika.

Apongozi a Esinati alengeza kale kuti mwana akatuluka m'chikuta dzina lake ndi Tisenzetsane. Ndawachenjeza kuti pakabuku ka kusikelo silidzakwana, NE adzamulemba pansi. Sakumva.

Madzulo abwera a Ngozo ndi tepi, ayeza thabwa langa uku ndi uku. Akuti limanyamulika bwino kuposa chitseko, likungosowa zogwirira zinayi, ndipo gulu lagwirizana kuti lizikhala pakhonde panga poti ndi pafupi ndi njira. Afunsa ngati ndili ndi misomali. Ndazula ya pashelefu yanga ya nsalu, nsalu ndaunjika pampando.

Atapita ndagusa thabwa ndi chala. Penti yauma lero.