Musanakumbe Mapu a Abla Ihsan, Bwana

Kwa Wolemekezeka Kwambiri,
Mkulu wa Bungwe Lotsitsimutsa Sukulu Zakale.

Bwana,

Mtendere ukhale ndi inu, ndi a m'nyumba mwanu, ndi kapinga wa pabwalo panu amene ndimamusirira m'mipata ya geti ndikamadutsa.

Ine ndine Lutfi Shalabi. Ndinakalambira m'laibulale ya mzinda wathu wa Damanhur, kuno ku Iguputo, kupukuta fumbi pamabuku ndi kuwerenga amene anthu sankawabwereka. Kudandaula sindikudziwa bwino. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo kapempho kanga ndakaika kumapeto kuti kasakutopetseni musanamve mayamiko.

Mkazi wanga Ihsan anatisiya masiku makumi atatu apitawo. Anaphunzitsa za maiko kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri pa sukulu ya atsikana ya mu Msewu wa Osula Mkuwa, ndipo theka la amayi a dera lino amamutchulabe Abla Ihsan, monga timatchulira aphunzitsi aakazi. Sukuluyi mukuidziwa ngakhale simunapondepo. Ndi ija munagulitsa bwalo lake kuti mupeze zoikonzera.

Choyamba, ndithokoze nzeru. Ndinawerengapo mbiri za mizinda yozingidwa ndi adani, momwe anthu ankazula zitseko zawo kuti aphikire, mpaka kudya mahatchi amene akanathawirapo. Koma iwo ankachita zimenezi akulira. Inu mwachita ndi chikwangwani chamitundumitundu chojambulidwa ana akumwetulira. Denga likudontha, inu mwati tigulitse pansi. Mabuku anga onse aja sakanandifikitsa pa ganizo lotere.

Chachiwiri, mpanda. Mapu a pakhoma omaliza a sukuluyi anadyedwa ndi chinyontho Ihsan atangoyamba ntchito. Atatopa kulemba makalata opempha ena, anagula utoto najambula dziko lonse lapansi pa simenti ya bwalo, kuyambira pageti mpaka kumipope ya madzi. Chaka chilichonse, sukulu zisanatsegulidwe, ankapakanso, ine nditamugwirira chitini. Ana ankaphunzira ndi mapazi. Wolongolola m'kalasi ankatumizidwa kukaima ku Siberia, dziko lozizira lakutali. Mukanamumva Ihsan akukuwa: "Iwe Nagat, choka m'nyanjamo, umira! Bambo ako ndikawauza chiyani ine?"

Mpanda wamalata wa kampani yogula bwalo wadutsa pamapuwo mwaluso losowa. Maiko onse okhalamo anthu apita kukampani. Atsikana mazana asanu ndi limodzi mwawasiyira kampata ka m'mphepete mwa khoma, pamene Ihsan anapaka zoyera: dziko la madzi oundana la kumunsi kwenikweni, kumene sikubadwa munthu. Ndimo amafoleramo m'mawa kuimba nyimbo ya fuko, amene akwanamo. Otsala amaimbira pamasitepe. Mbendera saiona, koma akuti amakhulupirira kuti ilipo.

Chachitatu, bolodi lamagetsi. Mwatumiza limodzi, lalikulu ngati chitseko, ndipo anthu anu anati m'menemo muli mapu a dziko lonse, ongokhudza ndi chala. Mphunzitsi wamkulu, Abla Sanaa, walitsekera mu ofesi mwake atalifunditsa bulangeti, popeza m'makalasi mulibe polumikizira magetsi ndipo denga likudonthabe. Nditafunsa anandiyankha kuti: "A Lutfi, ndilitulutse? Likafa adzamanga ine, mvula sadzaimanga." Denga ndi zimbudzi, akuti, zili m'gawo lachiwiri la ntchitoyi. Chitseko cha chimbudzi chapakati chinaguluka chaka chimene mwana wathu Suha anabadwa. Suha pano ali ndi ana ake awiri. Atsikana amasinthana kuima pakhomopo atatambasula mpango, ndipo gawo lachiwiri akulidikira mwaulemu.

Chachinayi, nsanja. Chithunzi chanu chikuonetsa nyumba yosanjikiza kakhumi ndi kanayi, masitolo pansi, magalimoto kunsi kwa nthaka. Mthunzi wake uzidzagwera m'makalasi tsiku lonse, ana sadzavutikanso ndi dzuwa, kaya ndi kuona zimene akulemba. Ihsan anachiona chithunzichi ali m'chipatala, pafoni ya Suha. Anachiyang'anitsitsa, kuwerenga ndi chala kuchokera pageti, kenako anati: "Bambo a Suha, taonani. Pa Iguputo aikapo motayira zinyalala." Sanalire. Anangopempha madzi akumwa.

Ndafika pa kapempho kaja, Bwana.

Kwathu kuno nyumba zinapanikizana moti mayi akamayanika zovala zimadonthera mumphika wa mnzake. Bwalo la sukulu ndilo linali malo okhawo omangapo tenti ya maliro ana akaweruka. Aliyense wa mu msewu uno analiridwa pamenepo. Ihsan atamwalira tinapeza mpanda uli ndi loko. A Hilmi, amene amatimangira matenti, anaimika yathu m'kanjira ka kuseri kwa ophika buledi. Munalowa mipando makumi anayi. Wowerenga Korani ankadukiza kuti njinga zamoto zonyamula anthu zidutse, ife olira tikunyamula mipando kuzipatsa njira. A Hilmi anandinong'oneza kuti: "Bwana Lutfi, ndamangirapo tenti mbava ndi akatapira pabwalo lija, onse analiridwa ngati mafumu. Lero mayi amene analijambula ndikumumangira pangalande."

Amayi amene iye anawaphunzitsa anadzaza nyumba yathu ya zipinda ziwiri, masitepe onse, mpaka mumsewu. Ambiri anabwerera osalowa, osalawa ngakhale khofi wowawa wa pamaliro. Ndinawaona pawindo akupita, ena atanyamula makanda, ndipo sindinadziwe woti ndimupepese.

Ihsan anali atandiuziratu. "Ana anga ndi ambiri, Bambo a Suha. Musadzawaunjike pamasitepe ngati anyezi. Mudzawakhazike pabwalo, aliyense pa dziko lake." Ndinavomera. Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati wathu ndinaphwanya timalonjezo tambiri, monga kusiya kuwerenga pakudya, ndipo iye ankangonditembenuzira buku chafufumimba. Lonjezo ili ndaliphwanya kale kamodzi. Wonditembenuzira buku palibenso, ndipo sindikufuna kuliphwanya kawiri.

Tsiku la makumi anayi, limene timasonkhananso kukumbukira wotisiya, likugwa Lachinayi la sabata yamawa. Chikwangwani chanu chikuti makina okumba ayamba Lolemba la sabata yomweyo. Ndabwera kuofesi kwanu kawiri. Wa pawindo loyamba anati bwalo si lanunso, ndi la kampani. Kukampani anati kiyi ali kwa inu. Nditabwereranso kwanu, wa pawindo lina, atamva kuti nkhani ndi ya mphunzitsi, anati mphunzitsiyo abwere yekha ndi chitupa chake cha ntchito. Ndinamuthokoza.

Sindikupempha kuti mubweze bwalo. Ine munthu wamng'ono sindingatsutse zimene akuluakulu anasainira. Ndikupempha masiku anayi okha: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Mipando tibweretsa tokha, posesa tisesa tokha, ndipo nsanja yanu sidzafupika ngakhale ndi chala chimodzi. Dzulo ndinasuzumira pakabowo ka lata. Utoto ukadalipo. Mtsinje wathu ukadali wabuluu, ngakhale wina waimika wilibala pa India. Nagat uja, amene ankamira m'nyanja, pano ndi mzamba, ndipo wati iye ndi anzake abwera ndi matsache. Wati akakhala panyanja pomwepo, popeza womuthamangitsa kulibenso.

Ndamva kuti chitukuko sichidikira munthu. Koma ana a sukuluyi adikira chitseko chimodzi zaka makumi atatu osaponya mwala, ndipo ndili ndi chikhulupiriro kuti bungwe limene linawaphunzitsa kudikira chonchi lingathe kuyeserako masiku anayi.

Mukakana, sindidzakusungirani mangawa. Tidzapanikizana pa madzi oundana paja amene tidzakwanepo, otsala adzalirira pamasitepe monga amaimbira ana awo. Mukavomera, chonde bwerani mudzakhale nafe, muione sukulu imene mwaichitira zabwino zonsezi. Khofi adzakhalapo. Mpando wanu ndauza kale a Hilmi pouika: ku Siberia. Ndi malo otakasuka, Bwana, ndipo mkazi wanga ankawasungira anthu amene amalankhula bwino kuposa mmene amamvera.

Ine wanu wodzichepetsa, woyembekezera yankho lisanafike Lolemba,

Lutfi Shalabi,
mwamuna wa Abla Ihsan,
Msewu wa Osula Mkuwa, Damanhur.